Zomwe ndinakumana nazo pofufuza za amayi a usipa mu laibulale ya yunivesite

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno ku Salima, ndipo digiri yanga ndinaphunzira ija ya pa holide, yoti mumakumana ndi malekichala masabata ochepa kenako aliyense kwawo kukalimbana yekha. Anzanga amene ali m'mbuyo mwathu akhala akundifunsa kuti chaputala 2, chija chofotokoza zomwe ena analemba kale pa topiki yako (literature review), ndinachimaliza bwanji ndikukhala kunyanja kutali ndi laibulale yaikulu, nde ndaona kuti bola ndingolemba zonse pamodzi mmene zinayendera, makamaka chifukwa cha inu amene topiki yanu ikukhudza amayi ndi jenda.

Topiki yanga inachokera kwa azakhali anga. Iwowa akhala akugula usipa pa doko la Chikombe kuyambira ine ndili mwana, kuufutsa, kuuyanika pa thandala nkukagulitsa ku Lilongwe, ndipo fizi yanga ya ku sekondale mbali yaikulu inatuluka mmadengu amenewo. Amene mumadziwa dera la Senior Chief Makanjira mukudziwanso za chilumba cha Mbenji, kuti chili ndi malamulo ake akalekale. Amachitseka nthawi ya dzinja kuyambira mu Disembala mpaka cha mu Epulo kuti nsomba ziswane, mowa, juga ndi chamba nzoletsedwa, komanso munthu wamkazi saloledwa kupondako. Funso limene limandisowetsa mtendere linali loti, nanga poti amayi sapita kuchilumbako, nsombazo amazipeza bwanji, pa mtengo wanji, ndipo ndani amadya phindu lalikulu pakati pa nyanja ndi msika? Koma pa propozo ndinalemba zotakata, za mavuto a amayi pa bizinesi ya nsomba m'Malawi muno, poti nthawi imeneyo ndimaona ngati nkhani ya doko limodzi njochepa kuti ingakwane digiri. Supavaiza wanga, adokotala ena aakazi osachulutsa mawu, anavomera koma anati, "Aphunzitsi, musanapite kudoko ndikufuna ndione kaye zomwe anzanu analemba kale."

Ndinayamba ndi foni ngati mmene amachitira aliyense. Usiku ana akagona ndimagula bandulo nkumasaka pa Google. Mitu ya mapepala imatuluka yabwino zedi, koma ukatsegula umangowerenga kandime ka kumayambiriro basi, kenako akuti lipira madola 30 kapena kuposa apo kuti uone zonse, pepala limodzi lokha. Ndinatha nthawi yaitali ndikutolera tindime timeneto pamodzi ndi nkhani za m'nyuzipepala ndi malipoti a mabungwe, koma nditatumiza adokotala anangoyankha kuti izi sizingaime ngati literature review, ndipite ku laibulale. Ya pa sukulu yomwe ndimaphunzira digiri njaing'ono, mabuku ake ambiri ndi a uphunzitsi, nde anandiuza kuti ndikayese ya yunivesite ina yaikulu ku Lilongwe yomwe imalola anthu akunja.

Ndinadzuka mbandakucha, kabaza mpaka pa Kamuzu Road, kudikira minibasi idzadze, kenako msewu wa M14 uja wa makilomita pafupifupi 100 ndi zokwera zake, kufika mu tauni nkukweranso ina. Mmene ndimafika pa khomo la laibulale dzuwa linali litakwera kale. Abambo a pa khomo anandifunsa khadi, ine ndinatulutsa ID ya sukulu yanga, iwo anati, "Mayi, iyi si yakuno. Kalata muli nayo?" Ndinalibe. Anandilozera ku ofesi, ku ofesi anati amene amasayina za anthu akunja ali ku msonkhano ndipo olo akanakhalapo popanda kalata ya ku dipatimenti yanga sizikanatheka. Ndinachonderera, ndinafotokoza kuti ndachokera ku Salima, anandimvera chisoni ndithu koma lamulo ndi lamulo. Ndinakhala pa benchi panja ndikuona ana asukulu akulowa ndi kutuluka, misozi ili mbwembwembwe, ndikuganiza za ndalama ya transipoti yomwe ndinachita kubwereka ku banki mkhonde.

Nde apa ndinene zomwe ndikanakonda wina akanandiuza. Musananyamuke imbani foni kapena tumizani imelo ku laibulaleyo, funsani ngati amalandira anthu a sukulu zina, amafuna mapepala anji, amalipiritsa zingati, amatsegula ndi kutseka nthawi yanji sabata imeneyo, ndipo ngati munthu wosayina adzakhalepo. Tengani kalata yochokera kwa supavaiza kapena mkulu wa dipatimenti, yodindidwa, yonena dzina lanu ndi topiki yanu, ID ya sukulu, chiphaso cha unzika, ndi zithunzi ziwiri zazing'ono za pasipoti kuchitira kuti mwina azifuna pa khadi. Kalatayo muikope ingapo chifukwa mudzaifunanso kwina.

Kalata inatenga nthawi kuti ituluke poti adokotala anali ku fildi, ndipo mmene imatuluka kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya minibasi itakwera, zonse zitakwera. Apa mpomwe bambo a kunyumba anandipatsa nzeru yoti ndisamapite ndi kubwerera tsiku lomwelo, ndizikagona kwa msuweni wanga ku Area 25 kuti transipoti imodzi izindipatsa masiku awiri athunthu. Zinandithandiza kwambiri. Ngati muli ndi wachibale mu tauni musachite manyazi, mutengereni kaphukusi ka usipa kapena mpunga nkukagona.

Ulendo wotsatira ndinalowa. Ndinalipira ya munthu wakunja, anandipatsa kakhadi, chikwama ndinasiya pa khomo, mkati umalowa ndi kope, cholembera, foni ndi laputopu ngati uli nayo. Anandiuziratu kuti ife akunja timangowerengera momwemo, kubwereka buku ayi. Kunena zoona nditaona mashelefu aja mtima unakhala pansi, ndinati apa nde ndafika. Ndinakhala pa kompyuta ya katalogi nkulemba mawu amodzi, gender. Panatuluka mndandanda wautali woti sungathe kuwerenga, zinali ngati waponya khoka lalikulu nkukoka zonse, nsomba, zinyalala ndi mchenga womwe. Ndinakopera manambala angapo, onse oyamba ndi HQ, nkupita pa shelefu imeneyo. Kwa amene simunalowepo, malaibulale ambiri a yunivesite amasanja mabuku ndi zilembo, ndipo HQ ndi malo a za banja, ukwati ndi amayi, pomwe ena amagwiritsa manambala okhaokha, kumeneko za amayi zimakhala pa 305.4.

Pa shelefu imeneyo ndinakhalapo masiku onse a ulendo umenewo ndi wotsatira. Mabuku anali ambiri ndithu, koma ochuluka anali akale, ena amphatso ochokera kunja, okamba za amayi a ku America ndi ku Ulaya. Sindikunena kuti ndi opanda ntchito ayi. Mmenemo ndi mmene ndinamvetsera kusiyana kwa maganizo awiri otchedwa WID (Women in Development) ndi GAD (Gender and Development), kuti m'zaka za m'ma 1970 maganizo anali ongowalowetsa amayi mu chitukuko, kenako cha m'ma 1980 anthu anayamba kufunsa za ubale wa mphamvu pakati pa amuna ndi akazi, ndani amalamula chuma, ndani amapanga chiganizo. Ndinawerenga za pangano la CEDAW la 1979 lothetsa tsankho kwa amayi, lomwe Malawi analowamo mu 1987, ndi za msonkhano wa za amayi wa ku Beijing wa 1995. Ndinadzaza kope, ndinalipira fotokope yambirimbiri, ndinabwerera ku Salima ndili wosangalala nkulemba masamba ochuluka usiku ndi usiku, masana ndikuchonga mayeso a ana.

Chaputalacho chinabwerako chili chofiira. Pansi pake adokotala analemba funso lalifupi loti m'masamba onsewa nyanja ili kuti ndipo amayi anu aja ali kuti. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa ndimadziwa ndalama ndi tulo zomwe zinapita pamenepo. Kwa sabata ndithu sindinatsegule laputopu. Ndinafika pouza bambo a kunyumba kuti mwina ndingosintha topiki nditenge ya ana osiyira sukulu panjira yomwe anzanga ambiri amatenga, poti za amayi a nsomba zikuoneka kuti palibe analembapo. Iwo anangoti, "Mwafunsako anthu ogwira ntchito mmenemo?" Ndinali ndisanafunse, ndimawaona ali pa desiki pawo otanganidwa ndipo ine monga mlendo ndimaopa kuwasokoneza.

Zinthu zinatembenuka pa ulendo umene ndinalimba mtima nkupita pa desiki yofunsira. Panali amayi ena achikulire ndithu, a magalasi.

"Pepani amayi, ndikusaka mabuku a jenda ndi nsomba koma sindikuwapeza."

"Khalani pansi achemwali. Topikiyo isiyeni kaye, mundiuze chimene mukufuna kudziwa."

Ndinawafotokozera za azakhali, za Chikombe, za Mbenji. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Nde mwakhala mukusaka malo olakwika. Za amayi a kuno sizikhala pa shelefu ya jenda. Zimabisala mu za nsomba, za ulimi, za malamulo, za umoyo, za chipembedzo. Amene analemba za azakhali anuwo mwina sanadzitche wa jenda nkomwe."

Anatenga pepala nkuligawa patatu. Mbali ina analemba anthu ake, women, fish traders, fish processors. Mbali ina ntchito yake, small-scale fisheries, value chain, post-harvest. Mbali yachitatu malo, Lake Malawi, Salima, Mbenji, ndipo anati pa zolemba zakale ndiyesenso Lake Nyasa ndi Nyasaland. Anandionjezera dzina la usipa la asayansi, Engraulicypris sardella, kuti mapepala ena amangotchula limenelo. Kenako anandionetsa kuti uzitenga mawu amodzi mbali iliyonse nkuwalumikiza ndi AND, ukapeza zochepa uchotse amodzi, ukapeza zochuluka uonjezere. Zinthu zosavuta choncho, koma ndinali ndisanaphunzitsidwepo pena paliponse. Anandiperekeza pa shelefu ya SH pomwe pamakhala za usodzi, ena amati 639.2, ndi pa HD pomwe pali za ntchito ndi malonda, ndipo pomaliza anandilowetsa m'chipinda chimene ndimangochidutsa nthawi yonseyi ndikuganiza kuti ndi ofesi.

Chipinda chimenecho ndi cha zolemba za Malawi zokhazokha, ambiri amachitcha Malawiana. Ngati mukufufuza za amayi a dziko lino, yambirani mmenemo tsiku loyamba lomwe, musachite kuchedwa ngati ine ndi mashelefu akunja. Muli malipoti a boma, a mabungwe, mapepala a misonkhano, magazini a maphunziro a konkuno, ndi madizeteshoni a ophunzira amene anatsogola, omangidwa zikuto zolimba. Malamulo ake ndi okhwima. Umasiya khadi, umalemba mu kaundula chimene watenga, sutuluka nacho, ndipo dizeteshoni salola kuikopa yonse. Za kujambula ndi foni funsani kaye, ine anandilola masamba ochepa. Musakwiye nazo, zinthu zambiri mmenemo ndi kope imodzi yokhayo, ikasowa yasoweratu.

Chimene amayi aja anandiphunzitsa chomwe chinandipulumutsa kwambiri ndi ichi: ukapeza dizeteshoni imodzi yoyandikira topiki yako, usayambe kuwerenga kumayambiriro, tsegula kumapeto pa mndandanda wa zomwe mwini wake anawerenga. Ndinapeza imodzi yokamba za amalonda a nsomba, kumapeto kwake ndinatolako mayina a mapepala, mapepala amenewonso kumapeto kwawo anandilozera ena, ndipo posakhalitsa ndinayamba kuona mayina omwewomwewo akubwerezedwa. Ukafika pamenepo umadziwa kuti wapeza eni nkhani. Pa Google Scholar palinso kabatani ka Cited by pansi pa pepala lililonse, kamene kamakuonetsa amene analitchula pambuyo pake, nde umayenda chammbuyo ndi chamtsogolo.

Apa ndikufuna ndichedwepo pang'ono pa zomwe ndinapezazo, chifukwa zinandikhudza. Malipoti a usodzi amene ndinawerenga amawerengera mosamala mabwato, zilimira, matchera, eni zida ndi alovi, doko ndi doko. Koma mayi amene amadikira pagombe kuyambira usiku, kugula ndowa za usipa, kutola nkhuni, kufutsa, kuyanika, kuthamangitsana ndi mvula, kukwera lole mpaka ku msika, mmalipoti ambiri amangomutchula mu mzere umodzi. Zolemba za Mbenji zomwe ndinapeza zimayamikira kasamalidwe ka nsomba, ndipo nzoyeneradi kuyamikira chifukwa mafumu athu anasunga chinthu chamtengo wapatali, koma za amayi zimangonena kuti saloledwa pachilumba nkupitirira, osafunsa kuti nanga amayiwo amatani. Ndipo pomwe amayi a m'madoko analembedwa mozama, kafukufuku wambiri anachitikira ku Mangochi ndi ku nyanja ya Chilwa, ndipo wochuluka ndi wokhudza HIV ndi nkhani ija yogonana pofuna nsomba. Nkhani imeneyo ilipodi ndipo njowawa, sindikuikana. Koma ndinamva kuwawa mumtima kuona kuti munthu wakunja atawerenga zimenezi angaganize kuti mayi wa kudoko ndi zokhazo, pomwe ine ndikudziwa amayi amene anamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana mpaka ku koleji ndi usipa womwewu. Nditawauza adokotala zimenezi pa foni, mawu akunjenjemera, iwo anati, "Chimenecho nde chaputala 2 chanu. Lembani zomwe zilipo, zomwe zikusowa, ndi chifukwa chake kusowako kuli vuto." Tsiku limenelo topiki inachepetsedwa nkukhala ya amayi ogula usipa pa Chikombe basi.

Za makompyuta. Mapepala aja amandiuza kuti ndilipire madola, ambiri mwa iwo anatseguka ulere nditakhala pa netiweki ya laibulale. Malaibulale a mayunivesite a kuno amasonkherana kudzera mu bungwe la MALICO kuti azipeza magazini a pa intaneti, komanso pali Research4Life yomwe imatsegulira maiko osauka ngati lathu magazini ambiri, mkati mwake muli AGORA ya zaulimi ndi nsomba, Hinari ya zaumoyo ndi GOALI ya zamalamulo. Vuto nlakuti kwa ine wakunja zimenezi zimagwira ndikakhala pa malopo pokha, ndikangotuluka pa geti basi zatsekeka. Nde mukakhala mkati musamawerenge, muzidawunilodi. Kuwerenga mukawerengera kunyumba. Tsiku lina ndinakhala mmawa wonse ndikuwerenga pepala limodzi lokoma ndili ndi ena ambiri otsegula poyembekezera, magetsi anazima, jenereta inachedwa, itayaka netiweki sinabwererenso mpaka nthawi yotseka. Ndinabwerera ku Salima ndi pepala limodzi mmutu. Kuyambira pamenepo mmawa umakhala wodawunilodi, masana wa chipinda cha Malawiana poti mabuku safuna magetsi.

Tengani flash, komanso muzidzitumizira pa imelo kapena kuika pa Google Drive musanatuluke, chifukwa makompyuta ogwiritsa anthu ambiri amakhala ndi mavairasi. Fayilo iliyonse muisinthe dzina nthawi yomweyo, mulembe wolemba ndi chaka, apo ayi mudzapeza mafayilo ambirimbiri a mayina a manambala osadziwa kuti ili nliti. Pa fotokope iliyonse muzikopanso tsamba loyamba la buku lomwe pali dzina, wolemba, chaka ndi osindikiza, ndipo mu kope lanu muzilemba nambala ya tsamba pambali pa mfundo iliyonse. Ine mfundo ina yabwino kwambiri yomwe ndinakopera ulendo woyambirira ndinaichotsa mu dizeteshoni chifukwa sindinathe kupezanso buku lake, ndipo kukwera minibasi chifukwa cha nambala ya tsamba kunali kosatheka. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Zotero yomwe imasunga zonsezi nkukulembera mndandanda wa kumapeto mu kalembedwe ka APA, amayi aja ndi amene anandiikira pa laputopu, muipeze musanayambe.

Palinso zinthu zomwe simufunika kulipirira transipoti ngakhale pang'ono, ndipo ndi bwino kuzimaliza muli kwanu kuti nthawi ya mu laibulale isawonongeke nazo. Malamulo a dziko ali pa webusaiti ya MalawiLII ulere. Ine ndinatengako gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 lomwe limanena za ufulu wa amayi, Gender Equality Act ya 2013, ndi lamulo la usodzi la 1997 lomwe linapereka mpata woti anthu a m'madera azitenga nawo mbali posamalira nsomba. Ziwerengero zili pa webusaiti ya National Statistical Office ya ku Zomba, kumeneko nkomwe ndinapeza kuti pa kalembera wa 2018 boma la Salima linali ndi anthu oposa 478,000, komanso lipoti la kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu (MDHS) la 2015-16 lomwe limati mwa amayi 100 aliwonse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. AJOL ili ndi magazini a mu Africa ndipo ambiri ndi otseguka. JSTOR imalola munthu kutsegula akaunti yaulere nkumawerenga mapepala angapo pa mwezi pa intaneti pomwepo. Ndipo pepala likakanika konsekonse, lemberani mwini wake imelo yaulemu, adiresi yake imakhala pa tsamba loyamba. Ine ndinalembera angapo, ena sanayankhe, koma ena ananditumizira, mmodzi mpaka anaonjezera lipoti lina lomwe sindimalidziwa.

Chenjezo limodzi lomwe ndinaona ndi maso. Mnzanga wa mkalasi anabwera nane ulendo wina ali ndi mndandanda wokongola wa mapepala okhudza amayi ndi malo, umene anaupeza pa ChatGPT. Mayina a olemba ooneka achimalawi, zaka, magazini, zonse zili bwinobwino. Amayi a pa desiki anasaka limodzi ndi limodzi ndipo ambiri mwa iwo kunalibe, sanalembedwepo ndi munthu aliyense. Mnzangayo anali atawaika kale mu chaputala chake. Chilichonse chimene simunachitsegule nokha nkuchiona ndi maso anu musachiike mu ntchito yanu.

Kuchedwa kwina sikunali kwa mabuku. Nthawi ya mayeso a eni sukulu mipando imatha mmamawa ndipo malo otchajira laputopu amachita kulimbirana, pomwe nthawi ya holide yawo mumakhala phee koma amatseka msanga ndipo Loweruka pena satsegula. Holide yathu ya aphunzitsi simagwirizana ndi yawo nthawi zonse, nde muzifunsa kalendala yawo. Masiku ena ndimapempha kwa ahedi, ndipo ndimabweza ndi makalasi a masana. Kenako panabwera kalata ya komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku, yomwe simungafunse munthu aliyense mafunso musanaipeze, makamaka pa nkhani zokhudza ndalama za m'banja ndi nkhanza. Imeneyi inatenga miyezi, ndipo fomu yake imafuna literature review yomwe yatha kale, kutanthauza kuti kuchedwa kwanga kwa mu laibulale kunakankha china chilichonse. Anzanga amene tinayamba limodzi anavala magauni ine ndikadali kudoko ndi mafunso anga, ndipo ndinalipira fizi ya semesita ina yoonjezera. Tsiku la graduation yawo ndinazimitsa foni, sindinathe kuona zithunzi.

Ndalama nditaziwerengera zonse, transipoti, kulipira khadi, fotokope, mabandulo, chakudya ndi kusindikiza, zinapitirira malipiro anga a mwezi wathunthu, osawerengera semesita yoonjezerayo. Gawo lalikulu linapita ku transipoti, lachiwiri ku fotokope ya mabuku a pa shelefu ya HQ omwe pamapeto pake ndinagwiritsa ntchito masamba ochepa chabe. Ulendo wa pa khomo uja ndi maulendo a pa shelefu imodzi aja akanapeweka ndi foni imodzi komanso funso limodzi pa desiki.

Koma zomwe ndinawerenga zinasintha mafunso amene ndinapita nawo ku Chikombe, ndipo apa mpomwe ndinaona phindu lake. Ndisanawerenge ndikanangofunsa kuti amayi mumakumana ndi mavuto anji, iwo nkundiyankha kuti mpamba ndi wochepa, nkuthera pomwepo. Mapepala a ku Mangochi ndi ku Chilwa anandiphunzitsa kufunsa zinthu zenizeni: mumalipiriratu kwa ndani nsomba zisanafike, ngati bwato labwera lopanda kanthu ndalamayo imabwerera bwanji, foni yolandirira Airtel Money kapena Mpamba ili m'dzina la ndani, usipa ukaonongeka ndi mvula amaluza ndani. Nditadutsa kwa amfumu ndi ku komiti ya pa doko kukapempha chilolezo, amayi anandimasukira kuposa mmene ndimayembekezera. Ndinapeza ena ali ndi zilimira zawozawo zogula ndi thukuta lawo, koma poti kuchilumba sangapiteko amatuma amuna awo kapena alongo awo, ndipo za kuchuluka kwa nsomba zomwe zagwidwa amangouzidwa. Azakhali anga omwe, amene ndimaganiza kuti ndikuwadziwa bwino, anandiuza za chaka china chomwe anataya mpamba wonse kwa munthu amene anamulipiriratu, nkhani yomwe anabisa pa banja nthawi yonseyi kuti ine ndisasiye sukulu. Ndinalephera kulemba, ndinangotseka kope tinakhala kaye.

Dizeteshoni inadutsa. Kope imodzi yomangidwa ndinakapereka kwa amayi a magalasi aja kuti ngati malamulo awo alola aiike m'chipinda cha Malawiana, ndipo ina ndinaifotokoza m'Chichewa pa msonkhano wa amayi a pa doko poti iwo ndi eni ake. Kwa inu amene mukusakabe topiki, nkhani ya mmene amayiwa amakhalira miyezi imene Mbenji watsekedwa, ngongole za banki mkhonde zomwe amatenga nthawi imeneyo ndi mabizinesi amene amathawirako, ine ndinangoikhudza mu ndime ziwiri chifukwa nthawi inandithera. Za amayi a ku Chia ndi madoko ena a ku Nkhotakota nazonso ndinapeza zochepa kwambiri. Ndingakondwe wina wa konkuno ataitenga, ndipo pepala lija la magawo atatu ndikadali nalo, ndikhoza kumujambulira.